Kireti ya Kumanja kwa Agogo

"Kodi amuna anu aja amalipira lendi pa kireti ija?" Anandifunsa choncho aneba anga m'mawa wina tili pamzere wotunga madzi pampopi.

"Kireti iti, aneba?"

"Ya kumanja kwa agogo, kumakhadi kuja. Lamulungu lililonse ndikamadutsa pochokera kutchalitchi ndimapeza anthu ena onse asinthana malo, koma amuna anu ali pomwepo ngati anawakhomera ndi msomali."

Ndinaseka n'kuwauza kuti ndi ulemu chabe, agogowo ndi amene amawaitanira pamenepo. Aneba angawo ndi mayi wa ku Thyolo, anafika ku Joni kuno ine ndikadali pasukulu, ndipo sadutsa chinthu osachifunsa. Anangoti, "Chabwino. Nanga ulemuwo umabwera ndi chiyani kunyumba?" Ndowa yanga inadzaza, ndinasenza, koma funsolo linanditsatira mpaka pakhomo.

Nthawi imeneyo tinali titakhala zaka ziwiri ku Seraleng, mumkhukhu, kanyumba ka malata ka chipinda chimodzi. Bambo a mwana ankagwira ntchito ya kontirakiti pamgodi wina cha ku Photsaneng, yapamtunda, yonyamula zitsulo ndi kukonza mipanda. Ine ndinkakazinga mandasi, amene eni dziko kuno amati magwinya. Mwana wathu wamkazi anabadwira konkuno, anali ndi chaka ndi miyezi itatu, ndipo amayi anga ku Dedza ankangomuonera pafoni. Ndiye tinali ndi chitini cha mkaka chimene tinkaikamo ndalama ya basi. Tinapangana kuti chikafika marandi 5,000 pofika Disembala, tipita tonse kumudzi amayi akamunyamule mdzukulu wawo ndi manja awo. Kumapeto kwa Seputembala munali 3,600.

Kenako chitinicho chinayamba kupepuka. Bambo a mwana sankaba, ayi, ankanena ndithu. Lamulungu loyamba anatenga 300, lachiwiri 400, lachitatu 500, ndipo mawu anali omwewo akuti madzulo zibwera zitabereka. Sizinabwere.

Agogo amene ndikunenawa si achibale athu. Ndi mkulu wa ku Ntcheu, kwawo kwa bambo a mwana, amene anabwera kumigodi kalekale pa kontirakiti n'kutsalira konkuno. Ndi tchona, kungoti palibe amene angatchule mawu amenewo iwo akumva. Amadya penshoni, ali ndi kanyumba ka njerwa, ndipo ndi iwo amene anakalankhula ndi kapitawo kuti bambo a mwana alembedwe ntchito. Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi, pabwalo pawo pansi pa neti yamthunzi pamakhala makhadi. Tebulo lake ndi chithabwa chozungulira chimene kale ankakulungirapo mawaya kumgodi, mipando yake ndi makireti. Osewera ankakhala asanu: agogowo, mnzawo wina wachikulire amene ankangotsokomola ndi chifuwa cha kumgodi, bambo wina wogwira ntchito kuhotela ku Mogwase amene ankagawa makhadi chifukwa manja ake anali achangu, bambo wina wowotcherera zitsulo, ndi bambo a mwana. Ine ndinkayatsa mbaula yanga chapataliko, pafupi ndi geti, n'kumawagulitsa mandasi ndi tiyi.

Masewerawo iwo ankangowatchula kuti seveni, poti munthu amene wafika kumapeto amakhala ndi makhadi seveni. Bambo a ku Mogwase anati ndi mtundu wina wa poka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma chinthu ndikachiona kangapo ndimafuna kudziwa kuti chikuyenda bwanji. Ngakhale mandasi ndinaphunzira choncho, kuimirira pambali n'kumaona. Ndiye ndikamaperekera tiyi ndinkachedwa dala patebulopo.

Zimayamba chonchi. Aliyense amaponya kandalama kolowera pakati. Wogawa amapatsa munthu aliyense makhadi awiri ovundikira ndi limodzi loonekera. Amene khadi lake loonekera lachepa kuposa onse ndiye amayamba kuponya ndalama, afune asafune. Agogo ankati umenewo ndi msonkho. Tsiku lina ndinafunsa kuti bwanji azilipira wa khadi lonyozeka, osati wa khadi labwino.

"Apongozi," anatero, poti ankanditchula choncho, "munaona kuti msonkho ukuyambira kwa wolemera? Wosauka ndiye amayamba. Iwe wa thuu, faka mali, ponya ndalama."

"Nanga anthu awiri akakhala ndi thuu onse?"

"Timaona mtundu. Wapansi ndi kilabu, uja wonga tsamba, kenako dayamondi, mtima, wapamwamba khasu. Wa thuu wa kilabu ndiye mphawi weniweni."

Wamsonkho akaponya, mawu amayenda chakumanzere, mmodzimmodzi, monga umayendera muvi wa wotchi. Aliyense ikafika nthawi yake amachita chimodzi mwa zitatu: kuponya zofanana ndi mnzake, kuwonjezera, kapena kutaya makhadi n'kutuluka. Koma likabwera khadi lachinayi, limenenso limakhala loonekera, zinthu zimatembenuka. Tsopano woyamba kulankhula ndi amene makhadi ake oonekera aposa onse. Iyeyo sakakamizidwa, atha kuponya kapena kungogogoda patebulo, kutanthauza kuti pitirirani kaye ndione. Khadi lachisanu chimodzimodzi, la sikisi chimodzimodzi, kungoti kuyambira pa lachisanu ndalama yoponya imakwera kawiri. La seveni limabwera lovundikira, ndiye poti pamaso pa anthu palibe chasintha, amene anayamba pa la sikisi ndi amene amayambanso. Pomaliza otsalawo amavundukula, aliyense n'kusankha makhadi asanu abwino mwa seveni ake.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti woyamba ankasinthasintha. Kwathu zimadziwika. Posamba m'manja amayamba ndi mkulu, pokamba nkhani ya banja mkulu amamvera onse n'kulankhula pomaliza. Koma apa munthu ankayamba ndi kingi wake, likabwera khadi lina mnzake n'kupeza mafaifi awiri, basi uyo ndiye woyamba. Agogo ndi imvi zawo ankadikira wowotcherera zitsulo alankhule kaye, ndipo sankadandaula. Ndinkaona ngati akukondwa kumene.

Loweruka lotsatira funso la aneba lija, bambo a mwana akutsuka magambutsi awo panja, ndinawafunsa.

"Bambo, bwanji mumakhala kumanja kwa agogo nthawi zonse?"

"Amandiitana okha. Sumawamva? Amamenya kireti n'kunena kuti khala apa mwana wakwathu."

"Mwina malowo ndi amene akukudyerani ndalama."

Anaseka mpaka kuika burashi pansi. "Wayamba za asing'anga tsopano? Mu seveni mpando ulibe ntchito, mayi. Poka ija ya pafoni ndi imene mpando umagwira ntchito, chifukwa woyamba amakhala yemweyo mpaka makhadi atha. Iyi makhadi ndi amene amaloza woyamba. Ukhale apa, ukhale apo, n'chimodzimodzi."

"Ngati n'chimodzimodzi, tasinthani tione."

"Ndiwakane agogo? Munthu anandipezera ntchito akundipatsa malo pambali pake, pamaso pa anthu, ine ndizikati ayi? Ungatero iwe?"

Sindikanatero. Komanso zimene ananenazo zinali zomveka: ngati makhadi ndi amene amaloza woyamba, kireti ingalakwe chiyani? Koma mumtima sindinakhutire.

Lamulungu lotsatira bambo a mwana anaitanidwa kuntchito, ndiye sanasewere. Ine ndinapita ndi mandasi anga monga mwa masiku onse. Agogo anayang'ana uku ndi uku, n'kumenya kireti ya kumanja ija kuitana wowotcherera zitsulo. Bamboyo anakhala mosangalala, n'kuvula chipewa. Tsiku limenelo sindinayang'ane makhadi kwenikweni, ndinkayang'ana anthu awiriwo. Wowotchererayo akagogoda, agogo ankaponya ndalama nthawi yomweyo, iye n'kukanda m'mutu, n'kutaya makhadi. Akaponya molimba mtima, agogo ankayang'ana makhadi awo pang'ono n'kuwataya osaluza kanthu. Nthawi zambiri agogo ankalankhula atamva kale chimene mnzawoyo wachita. Komanso bamboyo, pokhala wamng'ono, sankawayang'ana agogo kumaso. Maso ake anali patebulo, monga tinaleredwera tonse. Agogo ndiye ankamuyang'ana bwinobwino, khosi, zala, mpaka mmene akumezera malovu. Pofika nthawi yoti ndizimitse mbaula, bamboyo anandipempha mandasi awiri pangongole.

Lolemba masana, mwana atagona, ndinabwereka makhadi akale kwa aneba aja. Ndinayala chitenje pansi, n'kuika makapu asanu mozungulira. Kapu yachitsulo inali agogo, yabuluu kumanja kwake inali bambo a mwana. Ndinkagawa makhadi awiriawiri oonekera, n'kuona kapu imene yaposa, n'kuwerenga chakumanzere kuti pakati pa yabuluu ndi yachitsulo iyambe kulankhula ndi iti. Ikayamba yabuluu ndinkaika nyemba mbali iyi, ikayamba yachitsulo mbali iyo. Ndinagawa maulendo 20. Nyemba 16 zinapita mbali ya yabuluu, zinayi zokha mbali ya yachitsulo.

Ndinakhala pansi nthawi yaitali ndikuyang'ana makapuwo, mpaka ndinaona chifukwa chake. Woyamba amasinthadi, bambo a mwana sananame. Koma anthu sasuntha. Mawu ayambire kwa bambo a ku Mogwase, ayambire kwa achifuwa aja, ayambire kwa wina aliyense, poyenda chakumanzere amayamba afika kwa wa kumanja kwa agogo, kenako kwa agogo. Agogo ankalankhula bambo a mwana asanalankhule pokhapokha ngati agogowo ndi amene ali oyamba patebulo lonse. Kunja kwa apo, bambo a mwana ankayenda patsogolo m'tchire, agogo n'kumaponda m'mapazi mwawo.

Kenako ndinasamutsa kapu yabuluu kuiika kumanzere kwa yachitsulo, n'kugawanso maulendo 20. Zinatembenuka. Maulendo 16 inayamba yachitsulo, anayi okha yabuluu. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama panjira. Nyemba zinayi zija ndinaziona, ndinazikankhira pambali ndi chala. Ndinati zinayi n'chiyani pa 16.

Bambo a mwana atabwera kuntchito ndinadikira asambe, adye. Kenako ndinayalanso chitenje chija. Poyamba ankaonera akuseka, akuti aphunzitsi afika. Titagawa kangapo anasiya kuseka. Anatenga makhadiwo n'kugawa okha, n'kusamutsa makapu okha.

"Ndiye kuti madala aja..." Sanamalize.

"Sindikudziwa ngati amachitira dala. Ine ndangoona nyemba."

"Marandi 1,200 onse aja."

"Eya."

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa nkhaniyi ndikanatha kuikamba mokomera ine. Bambo a mwana sanapemphe ndalama ina. Anati basi, makhadi awasiya, azikangokhala n'kumaonera. Ndine amene ndinati, "Lamulungu likubwerali ndi la malipiro, amaponya zikuluzikulu. Mukakhala kumanzere, zathu zija zibwerera tsiku limodzi." Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga. Ndinali nditapeza chinthu ndi mutu wanga, ndipo ndinkafunitsitsa kuchiona chikugwira ntchito pa anthu enieni, osati pa makapu. Ndinatsegula chitini ndekha n'kuwerenga 1,000. Munatsala 1,400.

Vuto linali loti achoke bwanji pa kireti ya ulemu popanda kunyoza mkulu. Limenelo ndinalikonza ine. Lamulungulo ndinafika msanga n'kuyatsa mbaula osati kugeti, koma kuseri kwenikweni kwa kireti ya kumanja ija. Anthu atasonkhana, agogo anamenya kireti monga mwa nthawi zonse.

"Khala apa, mwana wakwathu."

Ndinagwada pambali pawo ndi mwana m'manja. "Agogo, pepani, lero mwanayu akuvuta kumsana, ndiye ndati bambo ake amunyamule ine ndikamakazinga. Koma apa payandikana ndi mafuta, angamuthethekere. Mwina akhale mbali iyo."

Agogo anayang'ana mbaula, n'kuyang'ana kugeti kumene inkakhala kale, n'kuyang'ana ine.

"Mbaula yasamuka lero, apongozi?"

"Mphepo, agogo. Kugeti kukubwera fumbi la kumgodi."

"Eya. Mphepo ya kuno imasamutsa zinthu." Anamwetulira pang'ono. "Pita uko, mwana wanga, mdzukulu wanga angapse." Kenako anatembenukira kwa mnzawo wachifuwa uja. "Nanga inu achimwene, bwerani kuno kumanja."

"Ayikona," anatero achifuwawo akutsokomola ndi kuseka nthawi imodzi. "Ine pamenepo ndinasamukapo tsitsi langa likadali lakuda."

Pamapeto pake anakhalapo ndi wowotcherera zitsulo uja. Ndiye kuyenda chakumanzere kunali chonchi: wowotcherera, agogo, bambo a mwana ndi mwana pamiyendo, bambo a ku Mogwase, achifuwa. Tsiku la malipiro yolowera inali 10, kuponya 50, ndipo kuyambira khadi lachisanu 100.

Ola loyamba zinayenda monga zinayendera pachitenje. Agogo ankalankhula, bambo a mwana n'kumvera, kenako n'kusankha. Agogo akagogoda, iwo ankaponya. Agogo akaponya, iwo ankataya makhadi osaluza zambiri. Ndinapsereza mandasi anayi chifukwa maso anali patebulo. Nditapita ndi tiyi ndinaona kuti pamaso pawo pali 1,150. Bambo a ku Mogwase anati, "Mwanayu ndi mankhwala, sabata yamawa mundibwereke." Bambo a mwana anandiyang'ana chakumbali, ine n'kuyang'ana kumbali ngati sindikudziwa kanthu.

Kenako anagawanso. Bambo a mwana analandira kingi woonekera. Agogo sikisi wa mtima. Achifuwa anali ndi firii, ndiye anakhoma msonkho wa 20. Wowotcherera anaponya 20, agogo 20, bambo a mwana anakweza kufika 50. A ku Mogwase anataya, achifuwa anataya, wowotcherera ndi agogo anakwaniritsa 50. Mpaka apa zonse zinali bwino, agogo anali atalankhula patsogolo.

Khadi lachinayi: bambo a mwana folo, agogo teni wa kilabu, wowotcherera kanthu kena kakang'ono. Wogawa anayang'ana patebulo n'kunena kuti, "Kingi alankhule."

Ndinaima ndi mphika wa tiyi m'manja. Kingi anali wa bambo a mwana. Mawu anayambira pa iwo, n'kuzungulira tebulo lonse chakumanzere, kukafika kwa wowotcherera, n'kumalizira kwa agogo amene anali pambali pawo pomwepo. Munthu amene tinamuika kuti azilankhula patsogolo pathu tsopano anali womaliza pa onse. Bambo a mwana anaponya 50. Wowotcherera 50. Agogo anayang'ana mulu wapakati, n'kuponya 50.

Khadi lachisanu linabweretsa kingi wachiwiri kwa bambo a mwana. Anthu anati eee chapansipansi. Agogo analandira thuu wa mtima. "Makingi alankhule." Bambo a mwana anandipatsira mwana osandiyang'ana n'komwe, n'kuponya 100. Wowotcherera anataya. Agogo anapukuta magalasi awo ndi malaya, n'kuponya 100.

Ndipamene ndinamvetsa za nyemba zinayi zija. Pachitenje nyemba zonse zinali zofanana kukula. Patebulo sizifanana. Maulendo amene munthu amayamba kulankhula ndi omwe aja makhadi ake akuoneka okongola, ndipo ndi omwe ajanso amaponya ndalama zambiri osaopa. Maulendo 16 aja tinkapambana timakobiri. Anayiwo ndi amene munali ndalama zenizeni. Ndinafuna kuwauza, koma mkazi angalankhule chiyani pamasewera a amuna makhadi ali m'manja? Ndinangomukumbatira mwana.

La sikisi: bambo a mwana seveni, agogo eyiti wa mtima. Pamaso pa agogo panali timakhadi tosaoneka bwino, sikisi, teni, thuu, eyiti, kungoti atatu mwa iwo anali a mtima. Makingi analankhulanso poyamba, 100. Agogo anati, "Ndawonjezera," n'kuika 200. Bambo a mwana sanadikire n'komwe, anakweza kufika 300. Agogo anawayang'ana nthawi yaitali, mwachifundo ndithu, n'kukweza kufika 400. Apo ndiye bambo a mwana anaima kaye. Thukuta linatsika kuseri kwa khutu. Anakwaniritsa 400.

La seveni linabwera lovundikira. Woyamba anali yemweyo. Bambo a mwana anasuzumira khadilo, n'kulibweza, n'kugogoda patebulo. Ngakhale ine wa mandasi ndinamva chimene kugogodako kukunena: khadi lomaliza silinawathandize. Agogo anamvanso, n'kuponya 100. Bambo a mwana anayang'ana mulu wa ndalama uja, n'kuponya 100 yawo.

Anavundukula. Bambo a mwana anali ndi kingi wachitatu pansi. Makingi atatu. Agogo anatembenuza makhadi awo awiri oyamba aja limodzilimodzi, onse a mtima. Pamodzi ndi atatu apamwamba aja anakwana asanu a mtundu umodzi, ndipo asanu a mtundu umodzi amaposa makingi atatu. Anakokera mulu wonse kwa iwo ndi mkono, pang'onopang'ono, ngati munthu wosesa chimanga pamphasa.

"Ukanakhala mwana wa munthu wina ndikanaseka," anatero. "Walankhula poyamba kanayi konse, mwana wanga. Ine ntchito yanga inali kumvera."

Bambo a mwana anakankhira 10 pakati kuti agawenso, ndipo ndinaona kuti zotsalazo zipita zonse. Ndinabereka mwana, n'kupita kukagwada pambali pawo.

"Bambo, ndithandizeni chenje, anthu akudikira kumbaula."

Kumbaula kunalibe munthu. Ndinatola zonse zimene zinali pamaso pawo, ndi 10 ija yomwe, n'kumanga pansonga ya chitenje. Zinali 440. Achifuwa aja anayamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Chenje chake chachikulu bwanji, mayi? Mandasi akwera mtengo?"

"Akwera ndithu. Ufa wadula."

Bambo a mwana anaimirira n'kupita kukaima kugeti. Ine ndinayamba kulongedza ziwiya. Koma chinthu chija chofuna kudziwa sichinandichoke ngakhale mtima unali kuwawa. Anthu atapuma kuti amwe tiyi, ndinapita kukatenga makapu kwa agogo, n'kufunsa chapansipansi.

"Agogo, ndiye malo abwino ndi ati?"

"Ndimadziwa kuti si mphepo," anatero. "Simunalakwe, apongozi. Kumanzere kwanga ndi kwabwino kuposa kumanja. Mwaona chinthu chimene amuna ambiri akhala pano zaka osachiona. Koma palibe kireti imene ingamubise munthu makhadi ake akakongola poyera. Akatero amayamba ndi iye, ndipo wa kumanja kwake amamvera onse n'kumaliza. Pamenepo munthu amafunika kufunsa kuti nanga mkuluyu, ndi timakhadi take tonyansati, akutsatiranji makingi anga? Mwamuna wanu safunsa. Amangoona makingi."

"Nanga pomuitanira kumanja masiku onsewa, munkadziwa?"

Anatafuna ndasi kwa kanthawi. "Ku hositela ya kumgodi, mkulu amene anandiphunzitsa seveni anandikhazika kumanja kwake chaka chathunthu. Ndinkati amandikonda." Anameza. "Ankandikondadi. Ndi amene anandiperekeza kuchipatala mwala utandiphwanya phazi. Koma malipiro anga ankadya ndithu."

Sanabweze kanthu, ndipo ine sindinayembekezere kuti abweza. Anagula mandasi onse otsala n'kugawira anzawo.

Pobwerera dzuwa linali likadali pamwamba, malata a mikhukhu akuotcha m'maso. Bambo a mwana ananyamula mbaula, ine beseni ndi mwana. Tinadutsa pamalo okwerera matakisi. Titayandikira kunyumba anati, "Makapu ako aja."

"Anga," ndinavomera. "Koma 300 ija munakweza nokha."

"Ndinakweza ndekha."

Tinangolekera pomwepo. Iwo sanasewerenso seveni. Amapitabe Lamulungu kukapereka moni, poti munthu amene anakupezera ntchito sumuthawa, ndipo agogo akamenya kireti amakhalapo n'kumaonera, manja ali m'thumba. Ine ndimagulitsabe mandasi pageti, ndipo ndimaonabe amene wakhala kumanja kwa ndani.

Kontirakiti ya bambo a mwana inaima kwa milungu itatu mu Novembala, ndiye panalibe pobwezera. Ndinaimbira amayi n'kuwauza kuti chaka chino sitibwera. Sanafunse chifukwa, anangoti ndiyandikize foni kwa mwana amve kupuma kwake. Nditadula foni ndinakhuthula chitini pamphasa. Munali 1,840. Malamulungu atatu a kumanja anadya 1,200. Limodzi la kumanzere, langa lija, linadya 560. Zonse pamodzi marandi 1,760.